Diso la Mkazi Wanga ndi Ulendo wa Alamu

Mkazi wanga anayamba ndi kuthira tiyi pambali pa kapu. Tsiku loyamba ndinaseka. Lachiwiri ndinakalipa, chifukwa tiyiyo anadonthera pa malaya oyera amene ndinali nditangowasolola m'belo, ndipo ine ndine wamtima wapachala, kafunseni aliyense wa pamsika wa Sakubva kuno ku Mutare akuuzani. "Kodi mayi, maso muli nawo koma?" ndinatero. Anatenga malayawo n'kukawaviika m'beseni.

Ife tinachoka ku Dedza tili ndi maganizo a ku Joni ngati anzathu onse, ana awiri titawasiya kwa agogo awo akuchikazi. Koma ulendo unathera pa Mutare, muno mu Zimbabwe. Ndinayamba ndi kusenza mabelo a kaunjika a anthu ena ochokera ku Forbes, chipata cha m'malire ndi Mozambique, kenako ndinapeza kabenchi kangakanga. Mkazi wanga anali ndi makina osokera opukusa ndi dzanja. Buluku likakhala la mzungu wonenepa ankalibweza, zipi ikafa ankaika ina, n'kusita bwinobwino mpaka chovala cha m'belo kuoneka cha m'sitolo. Ine ntchito yanga inali kukuwa basi. Kunena zoona bizinesi ija inali m'manja mwake ndi m'maso mwake, ndipo inkayenda, moti tinafika potumiza malata kumudzi n'kuyambanso kukamba zopeza malo omangapo nyumba ku Gimboki, konkuno ku Mutare.

Zitadutsa za tiyi kunabwera za singano. Munthu amene ankalowetsa ulusi akucheza, tsopano ankalimbana nawo mpaka kundipatsira ine. Nditamufunsa bwino, akuti kumbali ya diso la kumanzere kunkang'anima ziphaliwali, masana dzuwa likuswa mtengo. Kenako kunabwera mthunzi, ngati wina waima pambali atatambasula bulangete. Kupweteka ayi. Kufiira ayi. Chimenecho n'chimene chinatipusitsa, chifukwa ife timadziwa kuti diso lodwala limafiira n'kumatuluka manthongo.

Eni nyumba imene tinkachita lendi anali mayi achikulire, obadwira pa famu kuno komwe koma makolo awo a ku Nyasalande. Anabwera ku Sakubva mafamu atalandidwa, ndipo Chinyanja chawo chinali chosakaniza kwambiri ndi Chishona. Iwo anati n'chitsotso. Anamukhazika mkazi wanga pampando, kumutembenuza chikope, n'kupisa lilime m'disomo monga ankachitira amayi awo. Sanapezemo kanthu. "Ndiye kuti ndi ng'ala iyi, mwanangu," anatero. "Pitani m'tauni akakupatseni magalasi."

Tinapitadi, tikuganiza kuti tibwerako ndi magalasi. Bambo woyeza maso anamudonthezera mankhwala okulitsa mwana wa diso n'kutiuza kuti tidikire. Atayatsa kanyali kake n'kusuzumira m'diso la kumanja anali akucheza nafe, kutiseka kuti Amalawi tonse timati tikupita ku Joni koma timakalambira pa Mutare. Atafika la kumanzere, macheza anatha. Anasuzumira, kubwerera m'mbuyo, n'kusuzumiranso. Abale inu, munthu wansangala akangoti zii zimaopsa. Anatilembera kalata yopita kwa dokotala wamkulu wa maso ku Harare, n'kunena kuti kalatayo tisagone nayo masiku.

Dokotala wa ku Harare anali mayi wamfupi, wolankhula Chingerezi chothamanga. Mkazi wanga Chingerezi amangotola apa ndi apo, Chishona chake n'cha pamsika, choncho womasulira ndinali ine. Anamupaka mafuta ozizira pachikope n'kuyendetsapo kachipangizo konga kaja amaonera mwana m'mimba mwa mayi woyembekezera. Pagalasi la makinawo panaoneka diso lonse, lozungulira, ndipo m'kati mwake chakumbuyo munali mutamera chinthu cha mutu ndi tsinde ngati bowa. Dokotala analoza ndi cholembera. Anati n'chotupa chakuda, chochokera ku timinofu timene timapatsa diso mtundu wake, ndipo ndi khansa. Anati nthendayi ndi yosowa, makamaka mwa ife anthu akuda, moti iye pa zaka zonse za ntchito yake anali ataiona kowerengeka. Ine mumtima ndinati, chabwino ndi yosowa, nanga yatipeza bwanji ifeyo mu Sakubva monse muja?

Anafotokoza kuti chotupa chikakhala chaching'ono, ku Joni amatha kusokerera kachitsulo ka mphamvu yowotcha kunja kwa diso, kukhalapo masiku angapo, chotupacho n'kufota diso lili pomwepo. Koma ichi chinali chitakula kale. Njira inatsala imodzi, kuchotsa diso lonse. Anati chachikulu si diso ayi, koma kuti chotupa cha mtundu umenewu chikachedwetsedwa chimayenda ndi magazi kukamera m'chiwindi, ndipo chikafika kumeneko zochita zimachepa. Tsiku lomwelo anamuunika chiwindi. Chinali bwino. "Ndiye tisataye nthawi," anatero dokotala. "Lachiwiri likubwerali ndili ndi malo."

Zonsezi ndinamasulira. Mkazi wanga anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo. Anafunsa funso limodzi lokha, ngati ndi diso limodzi angathe kumasokabe. Dokotala anati angathe, akazolowera. Basi mkazi wanga anakoka pepala lovomerezera opaleshoni n'kutenga cholembera.

Ndinamugwira dzanja. Ineyo, ndi dzanja langa lomweli.

Kwathu mkazi sakhala wa mwamuna. Ndi wa abale ake, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wake wamkulu. Ine mkamwini ndine wongobwera. Mkazi akadwala matenda aakulu sungangodzuka n'kumupereka ku mpeni eni ake asakudziwa. Koma nditati ndinene kuti ndinkangolemekeza mwambo, ndiye kuti ndikukunamizani. Chinalipo china. Malata aja atafika kumudzi, mayi anga ananditsina khutu pa foni kuti anthu akuti ndakhwima, kaunjika yekha sangagule malata otere. Ndiponso ndinakula ndikuona bambo wina wa golosale m'mudzi mwathu, amene mwana wake atazungulira mutu anthu anati wamukhwimira. Mpaka kufa kwake palibe ankadya m'nyumba mwa bamboyo. Tsono taganizani: mkamwini watenga mwana wa eni n'kupita naye kunja, bizinesi yakwera, kenako akumubweza ali ndi diso limodzi. Linalo lapita kuti? Ndinkawamva kale anthu akunong'onezana pamjigo, ndinkawaona ana anga akulozedwa zala popita kusukulu.

"Achimwene anu abwere kaye," ndinamuuza m'Chichewa. "Adzaone okha chithunzichi ndi maso awo."

Mkazi wanga anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaika cholembera pansi. Dokotala anafunsa kuti chavuta n'chiyani. Ndinati tikufuna kudziwitsa abale, sabata imodzi yokha. Anavomera, koma nkhope yake sinakondwe. Anatipatsa chithunzi cha chotupacho mu envelopu n'kunena kuti sabata imodzi, osapitirira.

Titabwerera ku Sakubva ndinalakwitsa kachiwiri. Kwathu uthenga woipa sitiuponya ngati mwala. Munthu ali kayakaya timati sakupeza bwino. Ndinawaimbira alamu, tinapatsana moni wautali, kufunsana za mvula, za ana, za mbuzi, kenako ndinati, "Alamu, alongo anu kuno diso likuwavuta. Pafunika mudzawaone." Mawu oti khansa sindinawatchule. Oti kuchotsa diso ndiye ayi ndithu, chifukwa foni ya alamu imalankhula mokweza ndipo amayankhira pabwalo anthu ali tcheru. Nkhaniyo ikanazungulira mudzi wonse iwo asanaone chithunzi. Ndinkayembekeza kuti munthu wamkulu amva yekha kuti mkamwini saitana mlamu wake kudutsa malire awiri chifukwa cha manthongo.

Sanamve. Anati pepani, auzeni asamasokere padzuwa, ndibwera ndikangomaliza kukumba mbatatesi. Atapempha kulankhula ndi mlongo wawo, ine ndili pambali, mkazi wanga anangoti, "Ndilipo, achimwene, pang'onopang'ono." Sakanandidumpha. Kunena matenda kwa eni mbumba ndi udindo wa mwamuna, ndipo mkazi amene walambalala mwamuna wake pa zimenezi wamuyalutsa.

Sabata inatha. Mbatatesi zinakumbidwa, koma zinapezeka kuti pasipoti ya alamu inatha mphamvu kalekale, pafunika pepala lina. Pepala litapezeka, m'mudzi munagwa maliro a mkulu wina wapachibale, ndipo alamu sakanachoka anthu asanamete. Kuchipatala anaimba kawiri. Kawiri konse ndinati tikubwera. Ulendo wachitatu foni inalira ndili pabenchi, ndinaona nambala, ndinaibwezera m'thumba mpaka inatopa yokha.

Masiku amenewo sindingamufunire ngakhale mdani wanga. Ndinkamuyang'ana mobera m'diso muja, ndipo chimene chinkandizunguza n'choti linali diso labwinobwino, loyera, lomwe lija ndinalikonda tili achinyamata. Tsiku lina ndinkati mwina dokotala uja waona molakwa. Tsiku lina akangoti wakhuta asanamalize mbale, ine ndinkati: chafika m'chiwindi! Akagwira m'nthiti poweramuka pa makina, ine n'kuganiza zomwezo. Pamsika ndinasanduka chilombo. Mayi wina anangoti siketi iyi ndi yofwifwa, ndinaitsomphola m'manja mwake n'kumuuza kuti akamugulire amuna ake ya m'sitolo. Anzanga oyandikana nawo benchi anayamba kundifunsa m'Chishona ngati ndayamba kusuta chamba.

Kangapo ndinalemba uthenga pa foni, mawu oti khansa ali momwemo, chala n'kuima pamwamba pa batani. Ndikakumbukira kuti alamu uthenga wolemba amachita kuwerengeredwa ndi anthu ena, ndinkafufuta. Eni nyumba aja atamva chimene tikudikira anaomba m'manja. "Iwe mwanangu, mwambo umenewo ife tinausiya pa famu! Munthu akudwala ali pano, iwe ukudikira wa ku Nyasalande?" Ndinawayankha mwamwano kuti n'chifukwa chake ana awo sadziwa ngakhale dzina la mudzi wa agogo awo. Anandiyang'ana, n'kulowa m'nyumba mwawo. Anali akunena zoona ndipo ine ndinkadziwa.

Mkazi wanga ankasokabe, mutu ataupendeketsa. Kamodzi kokha anandifunsa, "Bambo, achimwene mwawauza zonse?" Ndinati, "Ndawauza, nanga ndine mwana ine?" Ndinakweza mawu chifukwa ndinkanama. Sanafunsenso.

Alamu anafika patatha milungu isanu ndi umodzi. Anakwera thiraki yodzera ku Tete ndi Chimoio n'kutsikira pa Forbes, atasenza thumba la mbatatesi, m'jekete muli kabotolo ka mankhwala a zitsamba odontheza m'maso. Ndi munthu wamtali, wofatsa, wosachulutsa mawu. Atamwa madzi anamuyang'ana mlongo wawo n'kuseka. "Ndiye diso lake ndi liti? Ine ndikuona onse ali bwinobwino."

Ndinatulutsa chithunzi chija mu envelopu n'kuwayalira patebulo. Tsopano ndinafotokoza zonse, za khansa, za chiwindi, za mpeni. Anamvetsera chala chili pachithunzi. Nditamaliza anafunsa, "Adokotala ananena liti zimenezi?"

Ndinawauza.

"Ndiye tsiku lija munaimba foni, n'kuti mukudziwa kale?"

"Eee, alamu."

Chikwatirireni m'banja mwawo ndinali ndisanawaonepo atakwiya, koma tsiku limenelo anapsa mtima. "Alamu, inu ndinu munthu wanji? Mukanangoti khansa, liwu limodzi lokha, mbatatesi ndikanazisiya ziwolere m'munda. Ndikanati chotsani lero lomwe, ine ndibwera pambuyo. Mwandisiya ndikupalasa njinga kufunafuna mankhwala a manthongo, mlongo wanga akudyeka m'kati?"

Ine ndi mtima wangawu, ndinalusa. Ndinati musandiweruze, kodi simukudziwa zimene anthu akwanu akunena za ine? Akuti ndakhwima! Ndikanamuchotsetsa diso inu kulibe, mukanati chiyani? Ndinakuwa mpaka anthu odutsa mumsewu anaima.

"Amanenadi," anatero alamu. "Ngakhale ine tsiku limene malata anatsitsidwa ndinanenako, sindikana. Mwinanso ndikanakukayikirani. Koma alamu, mukanalola kuti ndikudeni, bola mlongo wanga apulumuke. Inu munasankha dzina lanu."

Mkazi wanga anadzuka n'kuyamba kulongedza m'chikwama, zitenje ziwiri, mswachi, sopo. M'chipinda chonsecho wamutu anali iye yekha.

M'mawa mwake tinakwera basi ya ku Harare, anthu atatu. Dokotala atationa sanatikalipire, ndipo bola akanakalipa. Anangomuunikanso, kuyeza chotupa pagalasi la makina aja, n'kulemba manambala osalankhula. Pepala lija litabwera, alamu anakonza kukhosi n'kundiuza kuti ndifunse poti asaine iwo. Dokotala anadabwa. Anati papepalapo pali malo a wodwala yekha, munthu wamkulu amene mutu wake ukuyenda bwino safuna womuvomerezera. Ha! Milungu yonse ija kudikira munthu amene papepala analibe ngakhale kamzere. Mkazi wanga analemba dzina lake mosathamanga, ife awiri titangoima kumbuyo kwake.

Opaleshoni inachitika patapita masiku awiri. Ine ndi alamu tinakhala pabenchi imodzi pakhonde, osayang'anana. Atamutulutsa anali ndi bandeji yaikulu kuzungulira mutu. Dokotala anati zayenda bwino, m'malo mwa diso aikamo kampira kuti chikope chisalowe m'kati, ndipo bala likapola adzamupangira diso lapulasitiki lofanana ndi linzake. Alamu anandikodola kuti ndifunse kumene lapita diso lochotsedwalo. Ndinafunsa manyazi atandigwira. Anati latumizidwa kokaliyeza. Alamu anapempha kuti zimenezo zilembedwe pa kalata ya chidindo, ndipo kalatayo anainyamula pamodzi ndi chithunzi chija kupita nazo ku Dedza. Ndinamva kuti inawerengedwa pabwalo, abale onse alipo. Dzina langa linayera, koma sindinamve kukoma kulikonse.

Patatha milungu itatu tinabwerera awiri kukamva zotsatira. Dokotala anati oyeza apeza kuti chotupa chinali chitayamba kuboola khoma la diso chakumbuyo. Anati wachotsa zonse zimene zinkaoneka, chiwindi chikadali bwino, koma tsopano mpata woti nthenda idzatulukire kumeneko ndi wokulirapo. Tizibwera kudzaunikitsa kawiri pa chaka, kwa zaka zambiri, ndipo mpaka lero timapita, ulendo uliwonse mtima uli m'mwamba. Ndinamasulira zonse. Kenako ndinafunsa funso langa m'Chingerezi, ndipo ili sindinalimasulire. Ndinati, tikanabwera Lachiwiri lija, kodi chikanakhala chisanaboole?

Dokotala anavula magalasi ake. Anati palibe munthu angandiuze zimenezo. Mwina chinali chitaboola kale tisanafike n'komwe kwa iye, mwina chinaboola m'milungu imeneyo. Anati sangandinamize pofuna kundikhazika mtima pansi, komanso sangandiweruze pa chinthu chimene sakuchidziwa.

Tinakwera basi ya masana. Ndinakhala dala kumanzere kwake, mbali imene anaphimba ndi thonje. Titadutsa Rusape anandifunsa osatembenuka, "Kumapeto kuja munafunsa chiyani, adokotala mpaka kuvula magalasi?"

Ndinaganiza zonama, koma mabodza anali atanditopetsa. Ndinamuuza funso langa, ndinamuuzanso yankho lake.

"Mukanandifunsa ine," anatero. "Inu mukapita kumsika, m'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo, kutseka diso labwinoli ndi chikhatho, n'kuyang'ana phiri lija limaonekera kuseri kwa sitediyamu. Sabata yoyamba ndinkaliona lonse kupatula mbali imodzi. Pamene achimwene ankafika n'kuti kwatsala kansonga kokha. Zoboolazo ine sindikudziwa. Koma kukula kokha chinkakula, ndinkachiona tsiku ndi tsiku."

"Nanga bwanji simunanene, mayi? Bwanji simunandikalipire?"

"Ndinkaona mmene munkaopera. Ndinati bambowa ndikawawonjezera katundu wina agwa, ndiye tigwa tonse."

Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinalira m'basi modzaza anthu, bambo wamkulu ndevu zili pepeya, ndikudzitonthoza kuti mbali imeneyo sakundiona. Koma anamva phewa langa likugwedezeka, ndipo anandigwira bondo.

"Tiyeni tisinthane malo," anatero. "Khalani mbali iyi, ndizikuonani."